Mchere umene ndinathira m'dimba la Nambewe

Amene akuseka aseke msanga amalize, chifukwa sindinabwere pa bawo pano kudzasekedwa ndi anthu amene sanagwirepo khasu chibadwire. Inu a Gama, mwati nkhono si chinthu choti mwamuna n'kudandaula nacho? Mukunena zimenezo muli pa benchi, mapazi ali gwa kuuma. Ine ndinalimbana nazo ndekha kumtsinje uko, kumunsi kwa Kawale, ndipo ngati ndikunama lilime ili liume pompano.

Dimba lija silinali langa, ndiyambire pamenepo. Linali la malemu mayi ake a Nambewe, mkazi wanga, ine monga mkamwini ndinangopatsidwa kuti ndizilima. Koma mlamu wanga Lufeyo, mlongo wake wa Nambewe, ankalifuna kuti aziumbapo njerwa, ndipo tsiku lina anauza mkazi wanga ine ndili pomwepo kuti, "Akalephera kukolola mpiru chaka chino, malo aja ndikutenga." Pakhomo panga, akumwa tiyi wanga. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ndinabzala mpiru, repu ndi chayinizi, masamba ake oti mwana n'kubisalamo, kenako mvula inagwa masiku atatu osakata ndipo zinatuluka nkhono, osati zachigoba timazidziwa zija ayi, zopanda chigoba, zamaliseche, zonenepa ngati mkono wangawu, zinadya mpiru, zinadya repu, zitakhuta zinatafuna mpini wa khasu, jekete limene ndinapachika pa mtengo zinandisiyira mabatani okha, ndipo mamina amene zinkasiya panjira anali oterera moti wakabaza wina anatsetsereka kuchoka ku Kawale mpaka ku Biwi osapalasa, kasitomala kumbuyo akupemphera. Mukumva?

Ndinathira phulusa kuzungulira mabedi monga amanenera alangizi. Zinagubuduzikamo ngati zikudzola paudala n'kupitirira. Ndinabwereka abakha asanu kwa aneba, abakhawo anangoyang'ana kamodzi n'kuuluka, abakha oti sanaulukepo m'moyo mwawo, ndipo anakawapeza ku Chinsapo padenga la tchalitchi akunjenjemera. Wina anandiuza kuti nkhono zimamira m'mowa, ndiye ndinakwirira mbale za masese m'mabedi onse. Zinamwa, zinanyambita mbale, zinapita kukaitana abale awo ku Mchesi, ndipo kutacha ndinazipeza zili pamzere kudikira kuti ndiwonjezere. Ine mkulu wa mpingo, anthu kundiona ndikutuluka m'shabini ndi chigubu, chifukwa cha tizilombo topanda ndi fupa lomwe. Manyazi amenewo sindidzazikhululukira.

Apo n'kuti m'dimbamo mwatsala bedi limodzi la mpiru. Ndiye kunabwera Lufeyo, chikombole cha njerwa kukhwapa, akuyeza malo ndi mapazi, n'kundifunsa kuti, "Alamu, ziweto zanu zikuswana bwino?" Ndinatola nkhono imodzi, ndinaiwaza mchere umene ndinatengera kudyera mbatata, ndinaiona ikusungunuka, ndipo ndinadziwa chochita.

Nambewe anayesa kundiletsa. Anati, "Bambo a Chisomo, mchere umapha nthaka. Muzingozitola ndi manja m'mawa uliwonse, zidzatha." Ine, msinkhu uno, kumawerama kutola nkhono ngati ndikutola ngumbi, Lufeyo akuonerera? Ndinamuuza kuti za kukhitchini azidziwe iye, za kudimba andisiyire.

Ndinagulitsa njinga yanga, ndinagula mchere wonse wa mumsika wa Kawale, utatha ndinapita ku Biwi, utatha ndinakasesa wa ku Mchesi, moti mwezi wathunthu anthu ankadya ndiwo zozizira ndi pamaliro pomwe, ndipo matumbawo ndinkasenza anayi pamutu, awiri kumsana, limodzi ndikulikankha ndi phazi, n'kuwaza ndi fosholo mpaka dimba lonse linayera mbee. Mukumva? Kulira kwa nkhonozo anthu anakumva ku Area 23 n'kumafunsana kuti wamwalira ndani, thovu linakwera kufika m'maondo, linafika m'chiuno, linafika m'khosi, ine ndikusambira fosholo ili kumano, ndipo mayi wawo wa zonsezo, wotalika ngati minibasi, anatuluka pansi pa nthochi n'kundimenya ndi mchira, ndinagwa, ndinadzuka, ndinamukwera pamsana n'kumukhuthulira thumba lathunthu pakati pa nyanga mpaka ndinapezeka ndakhala pansi pamatope. Thovulo linatsikira mumtsinje wa Lilongwe, ndipo owedza sabata imeneyo ankagwira milamba yothira kale mchere. Kafunseni aliyense wa kumunsi uko.

Mukuti chiyani a Gama? Mpiru? Ndimadziwa kuti mufunsa zimenezo, chifukwa inu nkhani yabwino mumaifunira pobowoka.

Mpiru unapsa tsiku lomwelo. Ndinabzalanso, osamera. Ndinabzala kachitatu, ndi bonongwe yemwe amene amamera pamwala anakana. Nambewe anakhala milungu iwiri akundiikira chakudya patebulo osatsegula pakamwa, ndipo tsiku limene anayankhula anangoti, "Ndinanena." Dimba la mayi ake linapita kwa Lufeyo, ndipo uvuni umene mukuona ukufuka utsi kumtsinje uko uli pamene panali mabedi anga. Chonditonthoza n'chakuti nyumba imene anamanga ndi njerwa zimenezo mbuzi zainyambita mpaka khoma lina latsala ngati chikatoni.

Mujumbomu? Ee, ndi mpiru, ndagula pamsika, wandituma Nambewe, ndipo ndikachedwa ndikaona zakuda. Sekani, mano ndi anu. Koma mutsikire kumtsinje uko, mutembenuze njerwa za Lufeyo imodzi imodzi, ndipo mukapezako nkhono ngakhale imodzi, mubwere nayo pa bawo pano ndidzaimeze ndekha.