Mmene Ndinapempherera Mpunga m'Chilatini kwa Apongozi

Mpaka lero, munthu akati "wina atipempherere" pa chakudya, ine maso amathamangira pansi ngati ndataya singano. Anzanga amaganiza kuti ndi kudzichepetsa. Ayi ndithu, ndi zipsera za ku Chidzolomondo. Ndati ndiulule ndekha, poti nkhaniyi ikuyenda kale m'misika ya ku Makanga, ndipo aliyense woifotokoza akumathirako mchere wake.

Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, kolima mbatatesi ndi nyemba. Nditapeza malo ku univesidadi mumzinda kuti ndiphunzire uphunzitsi wa Chipwitikizi, ndinapeza kuti chaka choyamba pali phunziro la Chilatini. Tsiku loyamba pulofesola wathu, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, anatiuza kuti eni ake a chilankhulochi anamwalira kalekale onse. Ine mumtima ndinati, zabwino zimenezo, ndiye kuti palibe wodzanditsutsa.

Masabata oyamba ndinali katswiri. M'Chilatini liwu limasintha mchira malinga ndi ntchito imene likugwira. Duwa likangokhala phee, ndi rosa. Wina akalithyola, lasanduka rosam. Maluwa akachuluka, michira imachulukanso. Tinkaimba mndandanda wonsewo ngati ana a kalasi yoyamba, kenaka n'kuwonjezera wa kukonda: amo, amas, amat, ndimakonda, umakonda, amakonda. Tinalinso ndi tiziganizo ta mlimi, mtsikana ndi woyendetsa ngalawa, anthu atatu amene ntchito yawo inali kungopatsana maluwa tsiku lonse (munda wa mlimiyo sindikudziwa ankalima ndani).

Kenaka tinafika pa gulu lachitatu la mayina, ndipo m'pamene ngolo inagubuduka. Michira inayamba kumera paliponse, ina n'kusintha ndi thupi lomwe. Ndinayamba kukhala kumbuyo, kenaka kufika mochedwa, kenaka kudwala mutu Lachiwiri lililonse, tsiku la phunzirolo. Zotsatira zitamatidwa pakhoma, ndinayamba kufufuza dzina langa kuchokera pamwamba, monga munthu wa chikhulupiriro. Ndinalipeza kumunsi: seti pa vinti, malikisi asanu ndi awiri pa makumi awiri. Ndinali nditashumba, monga timanenera kumeneko munthu akalephera.

Apa m'pamene ndinachimwa tchimo loyamba. Ndinali pa chibwenzi ndi Lusiya, mtsikana wa ku Chidzolomondo amene ankaphunzira unamwino mumzinda momwemo. Atandifunsa za pulova, mayeso a Chilatini aja, pakamwa panga panatuluka "katozi", malikisi khumi ndi anayi, ndisanaganize n'komwe. Anandiwombera m'manja. Ndinalandira.

Tchimo lachiwiri ndinalichitira kwathu pa feriya, nthawi ya tchuthi. Tikukumba mbatatesi ndi amalume anga a Domingo, ndinawaimbira mndandanda wa maluwa uja kuti aone kumene mphwawo wafika. Anaimika khasu, n'kuvula chipewa.

"Epa! Chimenechi si chija ankalankhula apadiri akale atatifulatira?"

"Chomwecho, amalume."

"Ndiye iwe ungathe kucheza nawo?"

"Atakhalapo, inde," ndinayankha (onani kuchenjera kwake).

Mwezi womwewo tinapangana zokaonekera kwa makolo a Lusiya. Amalumewo ndiwo anali ankhoswe anga. Tinakwera shapa ziwiri, timinibasi takwathu, kenaka njinga yamoto, kotsalako wapansi, thumba la mbatatesi lili paphewa panga, jekete yobwereka ikundifinya m'khwapa. Tinafika dzuwa lili paliwombo.

Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chigafa cha fodya. Panali bambo ake a Lusiya, a Zakariya, munthu wa thupi ndi mawu aakulu. Chapatali pamphasa panakhala mayi ake ndi azimayi anzawo. Aliyense ankangowatchula kuti anaBanda, ndipo ine, monga mkamwini wolangika, sindinawayang'ane kumaso. Panalinso amalume ake a Lusiya, a Bonifasiyo, nkhalamba yowonda ya manja akuda ndi utomoni wa fodya. Iwowa ndiwo eni mbumba, oti akakana ukwati, wakanika. Sanalankhule zambiri. Ndinawaona ngati munthu amene sanapiteko patali kuposa kumsika wa fodya.

Zokambirana zinayamba bwino. Koma amalume anga ali ndi matenda amodzi: akaona kuti anthu akuwamvetsera, sadziwa poima.

"Mwana mukumuonayu," anatero akundigwira bondo, "si wamba. Chipwitikizi ndiye amangosewera nacho. Panopa akulankhula Chilatini, chimene ngakhale apadiri a masiku ano sachidziwa. Tsiku lina kumunda anandilankhulira, tsitsi linachita kuima."

Apa ndikanatha kuseka n'kunena kuti amalume akukokomeza. Mpata unalipo, waukulu ngati chipata cha khola. Koma ndinaona Lusiya ataima pakhomo la khitchini, akumwetulira monyadira, ndiye ndinangoweramitsa mutu ngati munthu wosafuna kutamandidwa.

Chakudya chinabwera, mpunga ndi nkhuku. Titasamba m'manja, a Zakariya anati, "Entawu, tsono poti tili ndi mwayi lero, alendo athu atipempherere m'chilankhulo chimenecho. Nafenso timveko zimene ankamva makolo athu."

Abale anga, ku univesidadi sitinaphunzire pemphero ngakhale limodzi. Tinaphunzira maluwa. Ndinayang'ana amalume, iwo anali atatsinzina kale. Ndinayang'ana a Bonifasiyo, anali kuthothola nthenga imene inatsalira pa mwendo wa nkhuku. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, n'kuyamba ndi mawu akuya, okokera pang'ono kumphuno:

"Rosa, rosa, rosam. Rosae, rosae, rosa."

Kumphasa kuja wina anatsokomola. Ndinati ndi utsi wa kukhitchini.

"Rosae, rosae, rosas. Rosarum, rosis, rosis."

Mbale inagwa kwinakwake. Ndinati mawu awakhudza. Mtima unayamba kukhazikika, ndipo poona kuti pemphero lafupika kwambiri kwa munthu wophunzira ngati ine, ndinaganiza zophatikiza mindandanda iwiri ija. Ndinakweza manja, n'kukwezanso mawu:

"Amo rosam! Amas rosam! Amat rosam! Amamus rosam!"

Ndinaiwala chinthu chimodzi, choti Chipwitikizi ndi mwana wa Chilatini (tinaphunzira sabata yoyamba, ndinalipo). Aliyense amene anapondako kusukulu kwathu kuno, kumene timaphunzira m'Chipwitikizi, amadziwa kuti amo ndi "ndimakonda". Koma ine ndinali nditauluka kale. Ndinatsiriza ndi ziganizo ziwiri zimene zinatsala m'mutu:

"Agricola rosam amat. Nauta rosam portat. Amen."

"Ameni!" anavomera amalume anga, okhaokha.

Nditatsegula maso, anaBanda anali atafunda chitenje kumutu, mapewa akugwedezeka. Azimayi anzawo aliyense anali atagwira pakamwa. Lusiya anali atasowa pakhomo paja. A Zakariya ankandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mbuzi imene yalowa m'nazale ya fodya.

Kenaka a Bonifasiyo anapukuta manja pa thalauza, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Bene orasti, fili. Quod nomen tibi est?"

Ndinamva ngati nthaka yapendekeka. Ndinadziwa kuti ndi funso, poti mawu anakwera kumapeto. Lero ndikudziwa kuti anangoti ndapemphera bwino, n'kundifunsa dzina langa. Tsikulo ndinafufuza m'mutu monse, ndipo ndinayankha ndi liwu lokhalo limene linatsala.

"Amen."

"Dzina labwino," anatero m'Chichewa. "Ine, mwanawe, ndinakhala ku seminale zaka zisanu nthawi ya Apwitikizi, ndisanazindikire kuti ukwati ndi wabwino. Chilatini ankatiphunzitsa ndi chikoti."

"Alamu, tamasulirani," anatero a Zakariya. "Ine sukulu ndinalekera kalasi yachinayi, koma amo ndamumva. Ndipo dzina la akazi anga ndalimva kambirimbiri, mwina kuposa mmene ndalitchulira ine chikwatirireni."

Dzina la akazi awo. Apongozi anga, amene ndinayenera kuwapatukira panjira, amene ngakhale chithunzithunzi chawo sindinayenera kuchiponda, dzina lawo la ubatizo linali Roza. Lusiya ankangoti "amayi", mudzi unkangoti "anaBanda". Ine ndinali nditangowaitana ndi dzina, pagulu, m'michira yonse khumi ndi iwiri, n'kulengezanso kuti ndimawakonda.

A Bonifasiyo sanafulumire. Anakonza kukhosi ngati womasulira wa kutchalitchi.

"Poyamba mnyamatayu waitana mlongo wangayu. Wati Roza, iwe Roza, za Roza, kwa Roza, ndi Roza. Kenaka waona kuti mmodzi sakukwana, wati a Roza ambirimbiri. Atatero waulula kuti iye amakonda Roza. Wati inunso, alamu, mumakonda Roza. Wina wake amene sanamutchule dzina amakondanso Roza. Pomaliza wati tonse tili pano timakonda Roza."

"Pitirizani," anatero a Zakariya.

"Wati mlimi amakonda Roza."

"Zimenezo n'zoona. Mlimiyo ndine."

"Koma watsiriza ndi uthenga wachisoni. Wati woyendetsa ngalawa wamunyamula Roza."

A Zakariya anatembenuka, n'kuyang'ana kumphasa. "AnaBanda, woyendetsa ngalawa ameneyu ndi wa kuti? Kuno ngakhale mtsinje woti bakha asambiremo ulipo?"

Pamenepo bwalo lonse linaphulika. Apongozi anadzuka n'kuthawira kukhitchini, chitenje chili kumutu, kuseka kukumveka mpaka kuchigafa. Mayi wina anagona chammbali pamphasa akupempha madzi. Amalume anga, amene tsitsi lawo linaima kumunda kuja, anasendeza mpando wawo kutali ndi wanga n'kunena kuti, "Ine ndangomuperekeza."

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti ndinapulumuka. Koma kuseka kutachepa, a Bonifasiyo anafunsa mofatsa, "Nanga pulova ya Chilatini munapeza zingati, bambo?"

Lusiya anali atabweranso pakhomo paja. Pofuna kundiombola, anayankha ndiye: "Anapeza katozi, amalume!"

"Pa zana?" anafunsa a Bonifasiyo.

Ndinayang'ana mpunga, umene tsopano unali utazizira. Ndinaona kuti bodza lachitatu silingandinyamule.

"Ndinapeza seti pa vinti. Ndinashumba. Ndibwereza chaka chamawa."

Ena anasekabe, koma Lusiya sanaseke. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kulowa m'nyumba. Kunena zoona, pa zonse za tsikulo, chimenecho n'chimene chinandilasa.

Titadya (ine ndinangotola timbewu tiwiri), ndinamupeza kuseri kwa chigafa akutsuka mbale.

"Za amayi usade nazo nkhawa," anatero osandiyang'ana. "Sanasekepo chonchi chimwalirire agogo. Koma ine wandiimika pamaso pa amalume kuti ndikuikire umboni wabodza. Ukanandiuza kuti unalephera, ukuganiza ndikanakusiya? Ine pulova ya mankhwala ndinalemba kawiri, ndinakubisira?"

"Deshikulupa, Lusiya."

"Usandilankhulire chilankhulo china. Lero zakwana."

"Pepa," ndinatero.

"Eya. Gwira mbale izi."

Madzulo asanafike a Bonifasiyo anagamula. Choyamba, ndipereke tambala kwa apongozi, wotsukira dzina lawo. Chachiwiri, nkhani ya ukwati iyambe yaima mpaka nditabweretsa pepala losonyeza kuti Chilatini ndakhoza. "Sikuti Chilatini chimadyetsa banja," anatero. "Koma munthu wothawa zinthu zikafika pa gulu lachitatu, mbumba yanga sindingamupatse. Ukwati nawonso uli ndi gulu lachitatu." Atatero analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka ndi buku lakale la galamala, lopanda chikuto, chiswe chitadya m'mbali. Anati ndidzabweze ndi pepalalo.

Pobwerera, titakwera shapa yachiwiri, amalume ananditembenukira. Kenaka anati, "Komabe mawu unawatulutsa bwino. Ukanakhala kuti sunatchule munthu."

Chaka chotsatira ndinakhala kutsogolo, pafupi ndi magalasi a pulofesola, ndipo mutu wa Lachiwiri uja unachira wokha. Ndinapeza deji, khumi pa makumi awiri, yeniyeni yongodutsira, ndipo ndinayamba kumuonetsa Lusiya asanafunse. A Bonifasiyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti ku seminale deji ankamenyerapo, koma poti dziko linasintha, alola. Tinakwatirana chilimwe chomwecho. Pa phwando anapemphera ndi akatekisita, m'Chichewa chomveka bwino, ndipo ndinaona anthu angapo akundisuzumira ndi diso limodzi kuti aone ngati ndiwonjezerepo.

Ku Chidzolomondo dzina langa lenileni palibe amalidziwa. Kuyambira kumsika mpaka kutchalitchi ndine a Nawuta, woyendetsa ngalawa uja. Apongozi tikakumana panjira amapatuka monga mwa mwambo, koma amapatuka akuseka, ndipo a Zakariya ndikamatsanzika salephera kunena kuti ndiyende bwino, ndisanyamule munthu.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinasiya kudzitama. Ndikanakonda, koma mkazi wanga amawerenga zimene ndimalemba, ndipo za mabodza tinapangana kale. Chimene ndinaphunzira ndithu n'chaching'ono, ndipo ndikupatsani ulere anyamata amene mukukonzekera kukaonekera: musanatsegule pakamwa kwa eni ake, yambani mwafunsa dzina la apongozi, ndiponso kumene nkhalamba yachete ija inaphunzira.