Mizukwa ya Malemu Harold pa Barbecue

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma poti gulu lathu la WhatsApp linaimva kale mokhotakhota, bola muimve kwa mwini manyazi.

Inali Khrisimasi yanga yoyamba ku Canada. Ndinkachita lendi chipinda ku Hamilton, m'nyumba yakalekale ya gogo wina wachizungu, Mayi Doreen. Kuchipatala komwe ndinkagwira ntchito anandipatsa sabata yopuma, ine kopita ndilibe. Gogoyo anandimvera chisoni n'kundibwereka katoni ya magazini akale a malemu amuna awo, a Harold.

"Anawasonkhanitsa moyo wawo wonse," anatero m'Chingerezi. "Uwasamale."

Munali nkhani za mizukwa zokhazokha, zazithunzi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mzukwa wachizungu ndi waulemu bwanji! Wavala nsalu yoyera yosita bwino, ukuyamba wagogoda usanalowe. Wa kwathu ku Ntcheu nthawi imeneyo ulibe.

Tsiku lachitatu, masana enieni, ndinafika pa nkhani ya bambo wakufa amene ankamenya mapaipi kufuna katundu wake. Pachithunzi maso ali tong'o. Pompo pakona ya chipinda changa: gu! gu! gu!

Ndinatseka magazini. Zii. Kutsegulanso: gu! gu! gu!

Ine nesi wathunthu, woseka anzanga okhulupirira ufiti, mantha anandigwira. Ndinaimbira Amayi Tembo, mayi wa ku Zambia wotsogolera mapemphero kutchalitchi kwathu ku Scarborough.

"Mwati mabuku ni ya munthu wakufa? Imwe a Chikondi, mwamuitana mweka! Musagwile chilichonse, tibwela."

Anabwera anayi pagalimoto, snow ili mbuu. Pemphero litangoyamba, chinthu chija chinayankha: gu! gu!

"Chamvela moto!" anakuwa Amayi Tembo. "Ivi vonse viotchedwe!"

"Amayi, si anga magaziniwa..."

"Mufuna mapepala olo moyo?"

Mayi Doreen anali atapita kwa mwana wawo. Tinanyamula katoni ija kupita nayo kuseri, pa barbecue, mbaula yowotchera nyama ya a Harold omwewo. Musamve za wina, machesi ndinayatsa ndine, korasi ili pakamwa.

Alendo anatsanzika, mitima ili mbee. Nditangokhala pabedi: gu! gu! gu!

Gogo pobwera anandipeza pamasitepe, jekete m'thupi, Baibulo m'manja. Anamvetsera phokosolo n'kuseka. Anatenga kakiyi kakang'ono, n'kupotokola pambali pa radiator, chitsulo chotenthetsera chipinda chija. Mpweya unatuluka fyuuu, basi zii.

"Ndi mpweya wotsekeredwa m'mapaipi, zimachitika chaka chilichonse," anatero. "Ndiye magazini aja wafika nawo pati? Nkhani ya mapaipi ija Harold ankaikonda kwambiri."

Ndinayang'ana pawindo. Barbecue inali ikufukabe utsi. Nawonso anayang'ana komweko, kuseka kuja kunatheratu. Bola akanandikalipira, anthuni. Anangofunsa motsitsa mawu:

"Onse?"

"Onse, mayi."

Anapukuta magalasi awo pang'onopang'ono.

"Chimwalirireni Harold sanavutitsepo munthu. Wofunika kutulutsidwa m'nyumba muno ndi wamoyo."

Chaka chatsopano chinandipeza ndikusaka chipinda ku Scarborough, snow yolekeza m'mawondo.

Abale, musanaitane amapemphero, yambani mwafunsa a landlady.