Maluwa a Mkazi Wanga Tinawamwera Tiyi

Chaka chathachi ndinataya mkazi, nyumba imene ndinamanga kwawo ku Nambuma, dimba, ndi maluwa ake. Zitatu zoyambazo sindikambapo. Za maluwa zokhazo ndinene, poti apo wolakwa ndine.

Anali maluwa oyera, okhala ngati fanelo, mwini wake ankawatchula kuti kala. Anawadzala pambali pa bafa pomwe madzi osamba amayenderera. Ine ndinali mkamwini, ndiye atandisudzula, akuchikazi anandiuza mwaulemu kuti ndine womasuka kubwerera kwathu. Anandifunsa chimene ndikufuna kutenga. Ndinabwereka khasu.

"Mukumba chiyani, bambo?" anafunsa apongozi aakazi.

"Maluwa."

Anandipatsa thumba lakale la feteleza.

Ndinakumba mizu khumi ndi umodzi, yonenepa bwino, masamba n'kusadza. Ndinafika kwa achemwali anga ku Mpingu nditatheratu, thumba lija n'kuliika pakhonde la khitchini. Sindinauze munthu kuti muli chiyani. (Wofedwa ukakhala chete anthu amati ukulimba mtima, ndiye ndinazolowera.)

Mmawa achemwali anabwera ndi tiyi ndi mbale yovundikira.

"Apongozi anu ndi anthu, achimwene. Mpaka kukupatsirani koko!"

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa. Ine, mwini dipuloma ya zaulimi, ndinasamba m'manja n'kuyamba kutenga. Alamu anga, amuna awo a achemwaliwo, anatsatira.

Nditaluma kachiwiri m'kamwa munali ngati ndatafuna chitedze. Ndinamezabe, kuopa kunyoza chakudya cha eni nyumba. Alamu analibe ulemu wotero.

"Iii, koko wa ku Nambuma ndi wolusa bwanji!" anatero akulavula m'mbali. "Mayi, mwatiphikira chiyani?"

Apo m'pamene ndinaona thumba lija litayanikidwa pa mpanda.

Tinapita kuchipatala awiri pa njinga yamoto imodzi, milomo itatupa, malovu ali chuchuchu.

"Mwadya chiyani?" adokotala anafunsa.

Alamu anandiloza ndi chigongono.

"Maluwa."

"Maluwa anji?"

"A malemu akazi anga."

Anaika cholembera pansi. Anati pepani, kenako anatuluka panja, ndipo tinawamva akutsokomola nthawi yaitali.

Milomo inaphwa patapita masiku awiri. Alamu mpaka lero chilichonse ndikabwera nacho pakhomo amayamba afunsa, "Ichi n'chodya kapena n'chokumbukira?" Achemwali analira kuposa pamaliro, moti ine ndi amene ndinawatonthoza.

Pokutumula thumba tinapeza muzu umodzi, waung'ono, utakakamira pakona. Ndinaudzala m'ndowa yobooka. Unaphuka masamba awiri. Ndimauthirira katatu pa tsiku, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti madzi akachuluka muzu umaola. Ndinalembapo mayeso pa zimenezi. Sabata ino tsamba limodzi layamba chikasu. Achemwali akuti ndiusiye upume. Ndimavomera, akangopita kumunda ndimatenga kapu.

Tsiku lomaliza la mkazi wanga kuchipatala ndinamuuza kuti ndikufika kunyumba pang'ono, ndikatenge zovala, ndikathirirenso maluwa. Anatsegula maso.

"Zovalazo katengeni," anatero. "Koma inuyo ndimakudziwani. Maluwa angawo osawakhudza."