Komiti ya Voliyumu ndi Tulo ta Mapasa

Nkhani iyi anandiuza ndi Mai Nasibeko, mnzanga wa m'kwaya, ndipo ndikuipereka momwe ndinailandirira, osathirako mchere.

M'dziko lina la mtendere, m'mudzi wina wokonda chitukuko, munali mayi wophika zitumbuwa dzina lake Nachisale, amene Chauta anamudalitsa ndi ana amapasa. Anawa akayamwa masana ankagona, ndipo akagona mayi awo ankapeza mpata wokazinga. Akadzuka, zitumbuwa zinkapserera m'chiwaya, banja n'kugona ndi njala.

Kuseri kwa mpanda wake kunali chisakasa cha vidiyo cha Gelesomu, ndipo mafilimu a kumeneko anali ndi matenda. Anthu a m'filimu akamapangana zachinsinsi ankanong'ona ngati ali pamaliro, oonera n'kukuwa, "Kweza, Gelesomu! Sitinabwere kudzaonera milomo!" Gelesomu n'kukweza. Asanachotse chala pa rimoti bomba linkaphulika, malata n'kunjenjemera, nkhuku n'kubalalika, mapasa n'kuyamba nyimbo yawo, wina sopulano wina alito.

Nachisale anabereka mwana wina kumbuyo, wina m'manja, n'kupita ku komiti ya chitukuko.

"Sindikuti atseke, ayi," anatero atagwada. "Inenso ndimamvera nawo kuseriku. Ndikungopempha kuti mawu aziyenda mofanana, ana azigona."

Wapampando, a Likongwe, anavula magalasi n'kuwapukuta mwachifatse. "Mayi, dandaulo lanu ndi lalikulu. Likufunika maudindo."

Tsiku lomwelo a Kaphwiti anasankhidwa kukhala Mkulu Woona za Kukweza Mawu, ndipo a Mzembe anakhala Mkulu Woona za Kutsitsa Mawu. A Likongwe, mwa kudzichepetsa kwawo, anavomera kusenza mtolo wa Msungi Wamkulu wa Rimoti. Gelesomu anamusiyira ntchito yosesa. Anakhazikitsanso lamulo: chala chisakhudze batani mpaka wina atapempha, wina atavomereza, ndipo wapampando atagamula. Nachisale anabwerera kwawo akuyamika Mulungu kuti m'mudzimo munali anthu ophunzira.

Mawa lake akuluakulu atatuwo anakhala kutsogolo, pamipando yotsamira. Nachisale anagoneka ana, n'kuteleka mafuta, khutu lili kumpanda.

Filimu itayamba, anthu aja anayamba kunong'ona. A Kaphwiti anaimirira n'kumanga batani la jekete.

"Wapampando, akuluakulu onse, amayi ndi abambo, ulemu wanu. Kudzera mwa inu wapampando, ndikupempha kuti mawu akwere."

"Ndisanavomereze," anatero a Mzembe, "akwere kufika pati? Poti wodzavutika kuwatsitsa ndine."

Pamene ankagwirizana, zonong'ona zinali zitatha kale ndipo galimoto inali m'malere, ikugwa pamlatho. A Likongwe anadina batani mwaulemu wonse. Chiphokoso chake chinagwetsa chikombe pathandala la Nachisale. A Mzembe anapempha msanga kuti mawu atsike, ndipo chigamulo chinatuluka pamene mkazi wa m'filimu ankaulula bambo weniweni wa mwana. Palibe anamva. Mpaka lero mudziwo unagawikana pankhani ya mwana ameneyo.

Zitumbuwa za tsiku limenelo ngakhale galu anangozinunkhiza.

Nachisale atadandaulanso, komiti inakonza ulendo wokaphunzira kumudzi woyandikana nawo. Inabwerako ndi zipewa zatsopano ndiponso uthenga wolimbikitsa, woti kumeneko mawu ndi ofanana kwambiri, poti kanema wawo anafa kalekale.

Ndi paulendo umenewu pamene panabuka funso lalikulu: pakati pa Wokweza ndi Wotsitsa, wamkulu ndani?

"Popanda ine kukweza, inu mungatsitse chiyani?" anafunsa a Kaphwiti m'chisakasa muja, filimu itangoyamba.

"Inu mumangoyambitsa mavuto, womaliza ndine!" anayankha a Mzembe. "Kodi wamkulu ndi wotentha tchire kapena wozimitsa?"

Oonera anatenga mbali. A kumanja ankati Kukweza, a kumanzere ankati Kutsitsa, a kumbuyo ankangokuwa kuti asatsalire. Poti panalibe chigamulo, rimoti inagona m'thumba la a Likongwe osakhudzidwa. Phokoso la mkanganowo silinkakwera, silinkatsika. Linkangoti wooo, ngati chigayo, kuyambira filimu kuyamba mpaka kutha, ndipo mabomba onse ankamira m'menemo.

Kuseri kwa mpanda Nachisale anadikira kulira kwa ana, mtima uli m'mwamba. Zii. Anakawasuzumira, n'kuika chala pamphuno pawo kuti aone ngati akupuma. Anali m'tulo tofa nato, milomo ili yasaa. Masabata amenewo zitumbuwa zake zinkatuluka zofiirira bwino, ndipo ankazigulitsa kwa okanganawo kudzera pabowo la mpanda, poti kukuwa kumabweretsa njala.

Koma m'mudzi uliwonse mumakhala munthu wabwino. Mkulu wa mpingo wina, wokonda mtendere, anaitana akuluakulu awiriwo, anawalangiza, anawapempherera, mpaka anagwirana chanza misozi ili m'maso. Masana ake m'chisakasa munali bata. Anthu a m'filimu ananong'ona, a Kaphwiti anapempha, a Mzembe anavomereza mwachikondi, a Likongwe anadina, bomba linaphulika. Sopulano ndi alito.

Nachisale anayang'ana utsi wa m'chiwaya nthawi yaitali. M'mawa mwake anakulunga zitumbuwa zotentha m'tsamba la nthochi n'kupita kwa a Kaphwiti.

"Ndabwera kudzathokoza, bambo. Kudzichepetsa kwanu kwatiphunzitsa zambiri. Si aliyense angavomere kukhala wachiwiri."

A Kaphwiti anasiya kutafuna. "Wachiwiri? Wanena ndani?"

"Aa, ine ndangomva pamjigo. Mwina ndalakwitsa, pepani."

Atachoka apo anadzera kwa a Mzembe ndi phukusi lina.

"Bambo, zoona kuti mpando wanu akufuna kuudula miyendo? Akuti poti ndinu Otsitsa, muzikhala motsikirapo."

A Mzembe anavala jekete mozondotsa.

Dzuwa lisanapendeke chigayo chija chinali chitaliranso, wooo, mofanana bwinobwino. Wapampando analengeza kuti dandaulo la mayi Nachisale likadali m'manja mwa komiti, ndipo anawapempha kuti apirire. Mayiyo anagwada n'kuyankha kuti apirira ndithu, asafulumire.

Nditamva zimenezi ndinafunsa Mai Nasibeko ngati limeneli silinali tchimo, poti odala ndi amene amabweretsa mtendere. Anakonza duku lawo n'kundiyang'ana.

"Zimenezo akaweruza ndi Mwini wake, mayi. Ine chomwe ndikudziwa, mapasa aja anayamba sukulu, koma Nachisale ndi woyembekezeranso. Komiti imeneyo isaganize zogwirizana msanga."