Mfuti ya Mkazi Wamasiye

Mande, 14 Malichi

Anyani alowanso m'munda. Mizere isanu yapita! Nikuwa, niponya miyala, iwo angonipenya uku atafuna. Nyani saopa chitenje, aliyense aziwa. Amuna anga ba Shadreck ali moyo, anali kungoimirira pachulu na mfuti yawo, phiri lonse zii.

Mfuti ija ili kwa mlamu wanga ba Luka. Anatenga tsiku lomwe tinachoka kumanda, pamodzi na bedi, wailesi, makina osokera, na mabuluku onse. Ngakhale buluku imodzi yakuti nivale ninamize anyani, kulibe.

Napita kukabwereka. Ati, "Mulamu, mfuti si mthiko."

Chabwino. Nizapanga yanga. Osati gogodela yolira kamodzi munthu n'kuyamba kusokosa mu mpope, iyayi. Nifuna ija ya asilikali, yolira pa-pa-pa osapumula. Chimanga chayelo chachithandizo ninadya chaka cha chilala, sinizadyanso.

Chiwiri, 15 Malichi

Ba Mwanza, mkulu wa kuseri kwa dambo amene anali mlenje maso asanafooke, ati mfuti yonse ni mpope. "Ukakhota mpope, ulasa mbuzi ya eni." Ati niloze kudzuwa, nisuzumire mkati, nione ngati ni wowongoka.

Zimene napeza pakhomo:
pampu ya njinga, yaifupi, ndipo njinga yake ili kwa ba Luka;
mwendo wa mpando wachitsulo, wokhota monga mchira wa galu;
paipi yochirikiza chitseko cha khola la nkhuku.

Nasankha ya khola. Yaitali, yolema, yooneka ulemu. Naloza kudzuwa, naika diso.

Muli mavu!

Diso lamanja latsekeka. Lomwe lija lopimira.

Chitatu, 16 Malichi

Ulendo wa ku Chongwe, paipi nakulunga m'chitenje. Mu minibasi yalasa mayi wina pa nthiti, yagwetsa chipewa cha abusa. Kondakitala ati, "Ba mayo, ichi chamene mwanyamula chili na mpando wake?"

Wowotcherera zitsulo kuseri kwa maliketi, ba Zulu, amvetsera bwinobwino mpaka nafika pa pa-pa-pa. Aseka mpaka akhala pansi. Aitana na anzake kuti nibwereze. Pomaliza apukuta misozi, ati, "Amai, ichi chikalira, woyamba kufa ni imwe. Wachiwiri ni ine, kujele." Akana ngakhale kuigwira.

Nabwerera na paipi yanga, diso limodzi, fumbi m'mano. Anyani apeza munda ulibe mwini tsiku lonse. Adya chimanga, alawa maungu, ena angoswa n'kusiya. Nkhuku nazo zili m'nyumba, pakuti chitseko cha khola chagwa.

Chinayi, 17 Malichi

Sinigonja. Nasema mpini wakale wa khasu, namangirira paipi na malegeni, napaka mwaye wosakaniza na mafuta a saladi kuti ide. Pokhethemulira palibe. Wonga kulibe. Chipolopolo sininachigwirepo chibadwire.

Koma ukaima patali, ni mfuti.

Nakwera pachulu. Chinyani chachikulu, chong'ambika khutu, chili pakati pa mizere monga kapitawo. Naika mpini paphewa. Diso sinivutika kutsinzina, mavu ananithandiza kale. Nakuwa na mphamvu zonse: "Phooo!"

Athawa! Onse! Ana kumsana, zitsononkho kutaya, mpaka kumiyala!

Nakhala pachulu, naseka neka. Kenaka nalira pang'ono. Miyezi isanu na iwiri palibe chinthu chinaniopapo pano.

Chisanu, 18 Malichi

Lero sininakuwe n'komwe. Nangonyamula, anyani akhalira kuphiri kunitukwana. Palibe chitsononkho chatayika. Napalira nyemba mfuti ili kumsana.

Amake Febby, wa munda woyandikana, aniona ali ku chitsime. Ati, "Iwe, wachipeza kuti?" Kunyada kwanigwira. Nayankha kuti, "Chilira kakhumi osapumula."

Pakamwa panga!

Pofika masana, ku chigayo ati ilira makumi awiri. Madzulo, ku thaveni ati ba Shadreck anaikwirira pansi pa nkhokwe, anaigula kwa anthu othawa nkhondo. Mwamuna amene anali kuopa na kupha nkhuku ya Khisimisi!

Chiwelu, 19 Malichi

Mmamawa, odi. Ba Luka, akazi awo, na amalume awo. Ba Luka avala buluku ya ba Shadreck, ija yakhaki, yosakwana m'mimba.

Ati, "Mulamu, tamva munabisa katundu wa malemu."

Natulutsa. Namasula malegeni pamaso pawo. Paipi uku, mpini uku. Nati suzumirani, mulibe kanthu, na mavu anasamuka.

Amalume apenya pansi. Ine niganiza manyazi awagwira, azanyamuka.

Ba Luka atembenuza paipi, ati, "Iyi si ija ya khola? Anagula ni mkulu wanga iyi." Akazi awo ati na mpini anasema ni malemu. Amalume ati nkhani ya banja isafike ku polisi, mkazi kusunga chida ni mlandu, bola chikhale kwa mwamuna.

Ati nimangenso monga inalili. Namanga! Na manja anga, namanga, nawapatsa. Kumunda kwawo nako anyani avuta.

Anisiyira legeni imodzi yoduka.

Masana nakwera pachulu na mpini wina wopanda paipi. Nakuwa phooo. Chong'ambika khutu chanipenya, chakanda m'khwapa, chathyola chimanga.

Sondo, 20 Malichi

Ku tchalitchi uthenga ni wosamalira amasiye. Wowerenga mau ni ba Luka. Awerenga bwino, salakwitsa olo pamodzi.

Panja akazi awo anikokera pambali. Ati, "Mulamu, ija sitiziwa polowetsera mpholopolo." Nati apemphere, azaona.

Diso latseguka lero, kuti nione bwino munda. Theka lapita. Paipi ina kulibe, ndipo ikapezeka izakhala ya malemu.

Mailo, Mande, nithyola chonse chotsala, chikali chiwisi. Chizafota, ufa wake uzachepa, mwezi wa Okutobala sitizafika. Koma chizafotera m'nyumba mwanga.

Amake Febby sininawauze.