Mmene ndinagulitsira timu ya eni ake

Masiku ano sindisewera mpira. Anthu akandifunsa kutchalitchi ndimati ndi bondo, koma inu ndikuuzani zoona. Bondo langa lilibe mlandu, chinandivulaza ndi pakamwa.

Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Santry, kuno ku Dublin. Pakati pa anthu amene ndimawasamalira pali a Brendan, bambo wachikulire ndithu amene miyendo inawakana kalekale, koma mutu ndi lilime zimathamanga kuposa zanga. Masana tikamwa tiyi, a Brendan ankakonda kuonera pulogalamu ina ya pa TV, ya anthu otchuka a m'mafilimu amene anagula katimu ka mpira m'tauni ina yosauka n'kumajambula zonse: osewera akulira, masapota akukumbatirana, katimu kakukwera pang'onopang'ono. (Ine nthawi imeneyo ndimayenera kukhala ndikupinda zofunda. Mungadabwe mmene chofunda chimodzi chimachedwera kupindika TV ikamayankhula za mpira.)

Nafenso tili nako katimu kathu. Timasewera Lamlungu masana pabwalo lina ku Blanchardstown, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ambiri a ife anthu a mashifiti amene mimba zinayamba kutsogola. Kochi wathu ndi a Mwale a ku Chipata, munthu wabwino mtima koma wosaona luso. Chilowereni m'timumo ine malo anga anali pa benchi, ntchito yanga kusunga majekete a anzanga. Benchi yakenso kulibe, timangoima pa udzu.

Tsiku lina tikuonera pulogalamu ija ndinawadandaulira a Brendan za nkhanza zimenezi. Iwo anaseka.

"Timu yanuyo ndingaigule ine," anatero. "Paja nanenso ndinaonekapo pa TV. Iwe usanabadwe, dziko lonse lino linkaidziwa nkhope iyi."

Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi nthabwala za masana. Sindinafunsenso kuti pa TV-po ankatani. Ndinangowatenga mawuwo n'kuwapinda limodzi ndi chofunda.

Lamlungu lotsatira, titagonja monga mwa mwambo wathu, ndinawayandikira a Mwale majekete ali m'manja, n'kutsitsa mawu.

"A kochi, pali mzungu wina wa pa TV akufunsafunsa za timu yathuyi. Akuti atha kuigula."

A Mwale anasiya kutafuna chingamu. "Iwe, ukamba zoona? Monga vija va pa TV?"

"Ngati zomwe zija. Kungoti akadzabwera akufuna adzandione ine ndikusewera kutsogolo. Paja yemwe amamudziwa ndine."

Pulani yanga inali yaing'ono komanso yaulemu. Ndimafuna ndisewereko masabata angapo, kenako ndidzanene kuti mzungu uja wasintha maganizo. Palibe akanafa. Ndinangoiwala kuti a Mwale ali ndi foni.

Nkhani inachoka pakamwa panga ili ya munthu wa pa TV. Pakati pa sabata anali atasanduka katswiri wa mafilimu a ku America. Loweruka ndikugula usipa m'shopu ina pa Moore Street, mayi wina amene sindimudziwa anandigwira mkono.

"Achimwene, ndamva kuti mukubweretsa azungu a ndege yawoyawo. Amuna anga ankamenya mpira kumudzi, musawaiwale."

Ndinayankha kuti ndiona. (Ndikanatha kukana pomwepo, koma kunena chilungamo, sindinagwidwepo mkono mwaulemu chotero chibwerereni ku Dublin.)

Ku timu zinthu zinasintha. Anthu anayamba kufika pa nthawi yake. Anyamata anameta. Goloboyi wathu, a Chikondi, analengeza kuti asiya mowa. A Mwale anagula suti. Ndiye kunabwera a Yamikani, amene amajambula maukwati ndi maphwando a Amalawi kuno, akuti tiyambiretu kujambula pulogalamu yathu kuti ogulawo adzapeze ntchito ili pakati. Aliyense ankakhala patsogolo pa kamera n'kufotokoza mbiri yake. Itafika nthawi yanga ndinafotokoza mmene ndinkasewerera mpira wachikulunga ku Ndirande, wopanda nsapato, zala zikutuluka magazi. Ndinagwetsa ndi misozi yomwe. Ine ndinakulira ku Zomba m'nyumba ya aphunzitsi, ndipo nsapato ndinali nazo ndi zapadera za Lamlungu.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanatengeke. Asisi Tadala timagwira ntchito limodzi ku Santry, komanso ndi mlamu wawo wa a Mwale. Anandipeza m'khitchini ndikutsuka makapu.

"Achimwene, katswiri wa mafilimu uja, si awa timawasambitsawa?"

"Asisi, chonde musandiyalutse. Ndikonza ndekha Lamlungu likubwerali. Ndikanena kuti asintha maganizo."

Anamwetulira. "Ine kukuyalutsani? Ayi, musadandaule."

Ndinapuma. Ndikanadziwa ndikanaopa kumwetulirako.

Lamlungu lija kunagwa kamvula kowaza, koma pabwalo panadzaza anthu ngati pali ukwati. Amayi anamanga zitenje pamwamba pa majekete, ena anabwera ndi mandasi, ana akuthamangathamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. Timu yosewera nayo inali ya anyamata a ku Brazil, aja amaperekera zakudya panjinga. Anthu opalasa njinga tsiku lonse, miyendo ngati mitengo ya bulugamu. Ine ndinali nditavala jezi, ndaima kutsogolo, mawu opepesa nditawakonza kale m'mutu kuti ndidzawanene mpira ukatha.

Tisanayambe, pageti panaima takisi yaikulu. Chitseko cha kumbuyo chinatseguka, ndipo anatsika asisi Tadala akukankha a Brendan panjinga ya olumala, mwana wawo wamkazi wa a Brendan akutsatira pambuyo ndi ambulera. Asisiwo anali atakonza zonse mwadongosolo, ndi chilolezo chomwe. A Brendan anavala chipewa, bulangete pamiyendo, ndi magalasi akuda amene ndinawazindikira kuti ndi a asisi Tadala.

Amayi anaimba nthungululu. A Mwale anathamanga ndi suti yawo m'matope, n'kugwira dzanja la a Brendan ndi manja awiri. A Brendan anakweza chipewa ngati munthu amene wakhala akulandiridwa chotere moyo wake wonse. Atandiona anandikodola.

"Ndamva kuti ndabwera kudzakuonera iweyo," anandinong'oneza. "Usandichititse manyazi."

Wezulo inalira. Mpira woyamba kundipeza ndinaukonzekera bwino, ndinasolola mwendo, n'kumenya udzu. Wachiwiri unandipeza ndisanaukonzekere, unandimenya pamphuno. Pasanapite nthawi mpweya unandithera, m'kamwa muli kukoma ngati ndanyambita khasu, ndipo usipa wa dzulo lake unayamba kufunsa njira yotulukira.

Kenako a ku Brazil anapeza kona. Palibe anandituma, koma ndinabwerera kumbuyo kukathandiza, makamaka chifukwa kumeneko anthu amaima malo amodzi. Mpira unabwera m'mwamba, ndinatseka maso n'kudumpha. Unandimenya pachipumi mwamphamvu moti dziko linazungulira. Nditatsegula maso ndinaona mpira uli mu ukonde, anthu akukuwa. Ndinakweza manja n'kuthamanga molunjika kamera ya a Yamikani, ndikupsompsona jezi. Ndinafika mpaka pogwada pa udzu. Chinandidzutsa n'chakuti onse amene ankandikumbatira ankayankhula Chipwitikizi.

Pa nthawi yopuma timu yonse inazungulira a Brendan, ine nditaima kumbuyo kwa a Chikondi chifukwa ndi otambalala. A Mwale anakonza tayi, napepesa chifukwa cha chigoli chija, kenako anafunsa mwaulemu kuti mwa mafilimu onse amene bwana anapanga, imene amaikonda kwambiri ndi iti.

"Filimu?" anatero a Brendan. "Ayi, bambo. Ine ndinali wotsatsa soseji. Sindinkayankhula n'komwe. Ndinkangoluma soseji n'kutseka maso, chonchi."

Anavula magalasi, analuma mpweya, natseka maso mokoma. Mwana wawo anabisa nkhope mu ambulera.

Ndinamva makosi akutembenuka limodzi.

"Ndiye kuti ine ndasiya mowa chifukwa cha soseji?" anafunsa a Chikondi, mosakweza mawu, uku akusuntha kuti aliyense andione bwino.

"Iwe," anatero a Mwale. "Bwela kuno. Manje uniuze, suti iyi nizaivala kuti?"

Apa mantha anandigwira enieni. Anthu awa ndi amene ananditola nditangofika m'dziko muno ndisakudziwa ngakhale basi yokwera. Ndi amene amandiitana pa Khirisimasi kuti ndisadye ndekha. Ndinaona kuti chifukwa chofuna kuvala jezi ndataya abale.

Anandipulumutsa ndi a Brendan. Anapisa dzanja pansi pa bulangete n'kutulutsa chitini cha mabisiketi.

"Timuyi ndikuigulabe," anatero. "Mtengo wake ndi uwu, ndipo malinga ndi zomwe ndaona, ndawonjeza. Ine sindinatulukeko kukaonera mpira chimwalirireni mkazi wanga, ndipo lero ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma monga mwini timu ndili ndi lamulo limodzi. Uyu asadzakhudzenso mpira."

A Mwale anayang'ana chitini, anayang'ana ine, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira mawondo. Anagwirana chanza, mabisiketi anazungulira, ine sanandipatse. Jezi anandivula pomwepo, mvula ikuwaza.

A Yamikani sanazimitse kamera ngakhale pang'ono. Kanemayo anayenda m'mafoni mpaka anafika ku Zomba. Amayi anga anandiimbira foni, moni sanapereke.

"Nsapato zonse tinkakugulira zija unkadya?"

Pano Lamlungu ndikakhala kuti sindili pa shifiti, ntchito yanga ndi kukankha njinga ya mwini timu m'mbali mwa bwalo, kukwera ndi kutsika kutsatira mpira. Thupi lachepa kuposa la aliyense wosewera. Ndinalumbira pamaso pa onse kuti bodza ndasiya, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima.

Vuto n'lakuti mawu a a Brendan samveka patali mphepo ya kuno ikamaomba, ndiye amandiuza ine kuti ndifuule m'malo mwawo. Sabata yatha, asisi Tadala ali ku ntchito, anandiuza kuti ndiwauze anyamata kuti akusewera bwino. Ine ndinafuula m'Chichewa kuti abwana akuti kochi nayenso azungulire bwalo chothamanga, mimba yanyanya. A Mwale anatembenuka mokayika kuyang'ana a Brendan. A Brendan, osamva kanthu, anawakwezera chala chachikulu.

A Mwale anavula jekete, anandipatsa kuti ndisunge, n'kuyamba kuthamanga.