Tsiku limene ndinazimitsa laibulale

Mu Lusaka muno muli laibulale ina imene ndimadutsa nditayang'ana kumbali. Koma ndinene poyera, wolakwa sindinali ndekha.

Zinali zaka zija boma linkagulitsa makampani. Mabwana atsopano atafika kuntchito kwathu anati wosadziwa kompyuta aziona msewu. Ine, kalaliki wa ku Chawama wa ana anayi, ndinalembetsa msanga kosi ya kayendetsedwe ka makompyuta pakampani. Aphunzitsi anatituma kukafufuza mu detabesi ya kulaibulale.

Ndinazungulira mashelefu onse kufuna buku lotchedwa detabesi (ndinkaganiza kuti ndi lonenepa ngati Baibulo la paguwa). Mayi woyang'anira malowo ataona thukuta langa anabwera.

"Ba ankolo, mufuna chani?"

"Detabesi. Kapena wina anabwereka?"

"Sibabweleka iyo. Ili mu kompyuta, ni mwamene basungila vamene banalemba bophunzila. Nikuthandizeni?"

"Iyayi mayi, ndiyo kosi yanga imeneyi."

Ndinakhala pansi. M'kabokosi kolembamo chimene ukufuna ndinayamba ndi moni, dzina langa, kumene ndimakhala, kenako pempho (makolo anga ochokera ku Dedza sanalere mwana wopempha asanalonjere). Kompyuta inayankha kuti palibe chapezeka. Mwano umenewo unandiwawa. Ndinafufuta zonse n'kulemba liwu limodzi lokha, kompyuta, m'Chingerezi. Zinabwera nkhani zosawerengeka, ine n'kudina kuti zisindikizidwe zonse.

Pulinta inayamba kulira ngati chigayo. Pepala lake lolumikizana lija linatsika patebulo, linafika pansi, n'kuyamba kukwawira kumapazi a anthu. Aliyense anatembenuka. Ndinagwada kunsi kwa tebulo ndi kuzula pulagi imene inali pafupi.

Pulinta sinasiye. Anazima ndi makompyuta ena onse, pamodzi ndi zimene bambo wina ankalemba kuyambira m'mawa. Bamboyo anavula magalasi, n'kungondiyang'ana.

"Ba ankolo, nenze nakufunsani," anatero mayi uja.

"Nanga mapulagi anu simulemba mayina bwanji?" ndinayankha ndili chigwadire.

Mlonda anandiperekeza mpaka pageti, mtolo wa mapepala uli m'khwapa. Ndinauwerenga sabata yathunthu, mayeso ndinakhoza, ntchito sanandichotse.

Mkazi wanga amati kufunsa ndi kudziwa njira. Ine ndimati ndikanafunsa akanandipatsa nkhani zitatu zokha. Bambo wa magalasi uja yekha ndiye amandimvetsa chisoni, ndipo ndikadzakumana naye ndidzamulangiza kuti azisunga ntchito yake pafupipafupi.